Makwerero a Nyimbo Zinayi

Okondedwa Achimwene,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, ngakhale ndikudziwa kuti mukangoona dzanja langa pa envulopu, nkhope yanu iyamba kale kuchita makwinya. Kaya bondo lija lasiya kukuvutani? Alamu ali bwanji, shuga wawo akutsika? Nanga Kambalame wathu, mano akutsogolo aja amera, kapena akadali kuseka ndi chipata? Ife kuno tikupuma. Kunena kuti tili bwino ndiye ndikunamizani, ndipo mwezi uno ndanama kale zokwanira.

Mudabwa kuti kalata ya chiyani chonsecho foni ilipo. Chifukwa chake ndi inu nomwe. Pa foni simulola munthu kumaliza mawu. Lolemba lija munalankhula nokha, munagamula nokha kuti mwana sabweranso kwa mayi ake akatsekera sukulu, n'kudula ine ndikadali pa "koma achimwene". Pepala simungalitseke pakamwa. Mukhoza kuling'amba, koma ndapota nanu, muyambe mwafika kumapeto.

Nkhani ndi ya Mzime wathu ndi zimene zinachitika kuntchito kwake. Inu munamva za akapitawo ake: kuti anaswa foni, anagwetsera nsalu za eni ake m'matope, anakankha munthu wamkulu mpaka kutemeka pachipumi. Zonsezo n'zoona, sindichotsapo kanthu. Koma pali china chimene akapitawo sakuchidziwa, ndipo n'chimene ndakhalira pansi lero.

Pangano lathu mukulikumbukira. Bambo wa mwana atachoka zaka ziwiri zapitazo, Mzime anaswa mbale zonse za m'nyumba ndi magalasi a mawindo, ndipo Kambalame tinamupeza pansi pa bedi atadzitseka makutu. Mwanayo sanamugwire n'chala chomwe, koma munamutenga, inenso ndinavomera. Munanena pamaso pathu kuti Mzime akamapita kuchipatala mosadumphitsa, n'kutha chaka chathunthu osaphulika, mwana abwerera sukulu ikatsekera. Pamene za kuntchitozi zimachitika n'kuti miyezi khumi itakwana.

Matenda akewa inu simunawakhulupirirepo. Mumati ndi matama a mwana womaliza, amayi anamulera momusasatitsa. Inenso ndinkatero mpaka nditayamba kumuperekeza. Adokotala anatchula dzina lachizungu, bodalaini, koma amene anandimasulira ndi alangizi ake, mayi wina wamfupi wolankhula mosathamanga. Anandifunsa ngati ndinagwirapo simbi yamagetsi yoti kochepetsera moto kanafa. Ndinati telala aliyense anaigwirapo, imapsereza nsalu usanaphethire. Anati mtima wa mng'ono wanu ndi wotero. Chimene inu chimakuwawani pang'ono, iye chimamuotcha. Ndipo chimene amachiopa koposa ndi kusiyidwa. Akangoganiza kuti wina akumutaya, munthu amene m'mawa anali mngelo, masana wasanduka mdani.

Alangiziwo anamuphunzitsa zambiri, zina zolemba m'kope, zina za kapumidwe, koma chimene chinamugwira ndi nyimbo. Anasankha awiriwiri nyimbo zinayi n'kuziika mu foni mwake motsatana. Mzime ankazitcha makwerero. Ankati moto ukakwera amakhala ali padenga, ndipo nyimbozo ndi zotsikira.

Yoyambayo, achimwene, si nyimbo yoti mungaike pali alendo. Ng'oma zake ngati akumenya malata, ndipo mwamuna wina amangokuwa m'chilankhulo choti ngakhale Mzime sachimva. Yachiwiri ndi yothamanga koma yadongosolo, akamaimva amayenda uku ndi uku phazi likutsatira. Yachitatu ndi gitala imodzi yopanda mawu, amapuma motsatira iyo. Yachinayi ndi Kambalame.

Inu simunadziwe, koma mutabwera naye kudzationa chaka chatha, mwanayo anapeka kanyimbo kake ali chikhalire pafupi ndi tebulo lositira. Akuti simbi ya amayi ikuti fuu, malaya a bwana akuti yoo. Pakati pake amaseka, n'kumaliza ndi kufunsa kuti mwajambula? Mzime anajambuladi. Kanyimbo kameneko ndiko kanali pansi pa makwerero, pamene phazi limafika pa dothi.

Zonse zinayi zimatha mphindi khumi ndi zinayi. Kuntchito kwake kuja, kochapa nsalu za m'mahotela, anagwirizana ndi akapitawo kuti akangokweza mahedifoni m'mwamba, amulole atuluke kubwalo loyanikira, ndipo wina asamutsatire kapena kumugwira. Amabwerako maso ali ofiira, n'kupitiriza kusita. Miyezi khumi zinkayenda chonchi. Mbale zathu zonse zilipo, mudzadzionera nokha.

Tsono ine ndi nyimbo yoyambayo tinali pa udani. Mukundidziwa, zaka makumi awiri ndikuimba kwaya, ndipo ndimadziona ngati munthu wodziwa nyimbo. Phokoso limenelo limatuluka m'mahedifoni mwake ine ndikusoka, mano anga n'kumachita dzanzi. Tsiku lina chingwe chinazuka ndikuyeza mayi wina diresi la ukwati wa mwana wake, nyumba yonse inagwedezeka, mayiyo n'kufunsa ngati kuchipindako akupha munthu. Ndinachita manyazi mpaka kuphazi. Madzulo ake ndinamufunsa Mzime kuti munthu wolusa kale angamvere bwanji zolusa, n'kumati akuchira. Anangoti achemwali, inu simungamve. Mawu amenewo ndinawasunga.

Tifike pa Lamulungu lija. Inu mumaimba folo koloko sabata iliyonse kuti alankhule ndi mwana. Mwina kwa inu ndi kanthu kakang'ono, ka pakati pa tulo ta masana ndi mpira wa pa wailesi. Kuno munthu amasamba, amapesa tsitsi, amavala bulauzi yabwino ngati mwanayo amuona, n'kukhala pa mpando wa pawindo foni ili pamiyendo. Folo inakwana. Faifi inakwana. Anaimba yekha, nambala yanu sikupezeka.

Munandiuza pambuyo pake kuti magetsi anazima tsiku lonse, foni inatha moto. Chabwino. Koma alamu alibe foni? Aneba anu onse alibe foni? Sindikunena izi kuti ndikugawireni mlandu wanga, ayi, wangawo ndisenza ndekha. Ndikungofuna mudziwe mmene kukhala chete kwanu kumamvekera kuno.

Madzulo amenewo Mzime anatsika makwerero ake katatu. Ndinkamuona pa zenera akuzungulira kuseri kwa nyumba, nsagwada zitauma, phokoso lija likumveka mpaka pamene ndinali. Atamaliza kachitatu analowa, anadya, anatsuka mbale, n'kunena yekha kuti mwina kwazima magetsi, mawa aimba. Tsopano ndikamaganiza ndikuona kuti tsiku limenelo anapambana. Koma maso anga anaona zina. Anaona munthu akudzithira mafuta pa moto katatu konse.

Panalinso mantha ena. Ndinkati inu mudzabwera ndi mwana, mudzamva chinyimbo chimenechi, ndipo mmene ndikukudziwirani mudzanyamula chikwama n'kubwerera naye basi yomweyo.

Lolemba m'mawa ali kubafa, foni yake inali pa bedi. Nambala yotsegulira ndinkaidziwa, ndi chaka chobadwa mwana. Ndinafufuta yoyamba. Ndinayang'ana yachiwiri, ndinati nayonso ndi yothamanga, ndinafufuta. Yachitatu ndinazengereza, koma ndinati munthu azunguliriranji kutali chonsecho mankhwala enieni ndi mawu a mwana wake. Ndinafufuta. Ndinati ndimudulire njira. Foni ndinaibwezera mmene inagonera, ndinamuthirira tiyi, ndipo Mulungu andikhululukire, ndinadzimva ngati ndachita chinthu chanzeru.

Cha m'ma teni koloko uthenga wanu unalowa. Tikambirana za mwana. Mawu atatu, opanda moni, opanda pepani wa dzulo. Inu mukuti munkanena za kalata yosinthira sukulu. Ndikukukhulupirirani. Koma munthu amene wagona ndi foni yosalira, amene matenda ake amamunong'oneza tsiku lililonse kuti onse akutaya, iye anawerenga kuti mwana sabwera.

Mayi amene amasita pa tebulo loyandikana naye anandiuza mmene zinayendera. Akuti Mzime anawerenga, n'kuwerenganso. Kenako anaimika simbi chilili, anathimitsa pakhoma, anapinda chovala cha pilo chimene ankasita, anakwezera akapitawo mahedifoni, n'kutuluka akuyenda, osathamanga. Mzere umenewu muuwerenge kawiri, achimwene. Munthu amene mukuti sangasunge mwana anakumbukira kuthimitsa simbi mtima uli padenga.

Atafika kubwalo anavala mahedifoni n'kudina, akudikira ng'oma zija. Anamva Kambalame. Iye mwini anadzandifotokozera kuti zinali ngati wina watsegula chitseko n'kumulowetsera mwana pa nthawi imene ukali wamuvula zonse. Anaonanso kamwana kaja pansi pa bedi. Anadina kuti adumphe, kulibe nyimbo ina, inangobwerera yomweyo, fuu, yoo, mwajambula. Anadinanso, yomweyo. Apo ndiye anaponyera foni pa khoma la thanki ya madzi, n'kuyamba kukoka zingwe zoyanikira.

Akapitawo ndi mayi wabwino, sindiwada. Anachita mantha, anaiwala pangano, anamugwira chakumbuyo. Mzime anadzikutumula, mayiwo n'kugwera pa kangolo kachitsulo konyamulira nsalu. Kuchipatala anawasoka katatu pamwamba pa diso. Akapitawo anaimbira inu chifukwa pa fomu ya kuntchito munalembedwa inu ngati wamkulu wa banja, ndiye inu munaimbira ine, n'kugamula.

Ndinathamanga tepi yoyezera ili m'khosi. Mzime ndinamupeza kuseri kwa thanki atakhala pansi, nsalu yonyowa ili pamiyendo, akungobwereza kuti wandiona, wandiona. Foni inali zidutswa. Kakhadi kosungira nyimbo kanathyoka pakati, ndipo bambo wokonza mafoni wa pa mphambano anangokatembenuza kawiri n'kundibwezera. Mawu a Kambalame sanali kwina kulikonse.

Kufufuta nyimbo kunali kupusa. Chimene ndikulemba tsopanochi ndiye tchimo. Tili m'njira yobwerera, Mzime anandifunsa kuti nyimbo zake zinapita kuti. Ndinayankha kuti mafoni amatero.

Lachiwiri anadzuka atapeza yankho lake. Anati ndiye kuti anazifufuta yekha Lamulungu lija osadziwa, paja moto ukakwera kwambiri pali zina zimene sazikumbukira bwino. Anati ngati manja ake omwe angamuchotsere makwerero iye osazindikira, ndiye kuti achimwene akunena zoona, mwana asabwere. Ine ndinali pomwepo ndikuika ulusi m'singano, ndipo sindinatsegule pakamwa.

Lachitatu anamasula katani imene tinatchinga pakona pamene tinakonza kabedi ka mwana. Anaipinda bwinobwino, anatenga yunifolomu imene ndinasoka, zonse n'kutsekera mu sutikesi. Anavalanso malaya a manja aatali aja, ndipo inu mukudziwa zipsera zimene zili pa mikono yake kuchokera zaka zija. Ndinabisa sizasi ndi malezala anga onse osomolera ulusi, ndinasiya kupita kumsika, ndinkamutsata ndi maso mpaka pa chitseko cha bafa. Malezala ndinabisa, koma chimene chinkamucheka ndinali nacho m'kamwa.

Lachinayi tinapita kwa alangizi. Mzime anafotokoza zonse mutu uli pansi. Alangizi anati nyimbo yoyamba ija sinaikidwe mwangozi. Anati munthu amene mtima wake ukukuwa, ukamuikira nyimbo yofatsa amamva ngati ukumuuza kuti khala chete, ukunama, ndipo amakuwa koposa. Nyimbo iyenera kumupeza pomwe ali, ikuwe naye limodzi, kenako inzake imutsitse pang'ono, inzake pang'ononso. Anati mawu a mwana anawaika kumapeto dala, chifukwa ndi okoma kwa munthu amene watsika kale, koma kwa amene ali padenga ndi mpeni.

Kenako anafunsa ngati pali wina amene amagwira foniyo. Mzime anati palibe, achemwali sangandichite zimenezo. Alangizi anandiyang'ana nthawi yaitali. Ine ndinayang'ana nsapato zanga.

Mufunsa kuti ndinkaopa chiyani. Ndinkadziuza kuti ine ndine munthu womaliza amene sanamusiye, ndipo akadziwa kuti ndi ine, ndisanduka mdani, ndiye atsala ndi yani. Zimenezo zinali zoona, koma theka. Theka linalo ndi lakuti ine telala wodziwa zonse, woimba kwaya, wolangiza ana a eni, sindinafune kuti ndioneke chitsiru.

Lachisanu m'mawa anandipempha pepala ndi cholembera. Anati akufuna akulembereni kuti mwanayo mumutenge wathunthu, alamu aziwatcha amayi, iye azingokhala azakhali a kutali amene amatumiza masokosi. Ananena mofatsa, popanda msozi, ndipo kufatsa kumeneko kunandiopsa kuposa kukuwa konse kumene ndinamva kwa iye.

Ndinaimirira pafupi ndi makina anga, chitseko ndinachisiya chotsegula, ndinamuuza. Ndinati nyimbo zako ndinafufuta ndine, Lolemba m'mawa uli kubafa, ndipo masiku anayi onsewa ndakhala ndikukuona ukudziimba mlandu.

Milomo yake inatuwa. Anati ndibwereze, ndinabwereza. Ndiye zinayamba. Ananditcha njoka, ananditcha mfiti. Anati ndinachita dala kuti mwanayo adzakhale wanga poti ine ndinalephera kubereka wanga. Mukudziwa kuti palibe mawu amene amandilasa ngati amenewo, ndipo iyenso amadziwa. Ndinameza. Maso ake anapita pa shelefu ya mbale, anapita pa dirowa ya makina mmene ankadziwa kuti mumakhala sizasi. Dzanja lake linalowa m'thumba kufuna foni, linatuluka lopanda kanthu. Mumtima ndinati basi, chaka chija chathera pano, ndipo ndachithetsa ndine.

Anatembenuka, anatenga beseni lathu lachitsulo lochapira, analivundikira pa tebulo, n'kuyamba kulimenya ndi manja awiri. Poyamba ndinkati ndi misala chabe. Kenako khutu langa la kwaya linazindikira. Inali nyimbo yoyamba ija, ng'oma zake zenizeni, osaphonya. Ankamenya akukuwa, mawu opanda mawu, misozi ndi mamina zili mbwee. Aneba anayamba kusuzumira pa mpanda.

Ine amene ndinachita manyazi ndi diresi la ukwati lija, sindinatseke chitseko. Ndinatenga zivundikiro ziwiri za mapoto n'kulowa. Nyimboyo ndinkaidziwa yonse, achimwene, kuyambira koyamba mpaka kothera, chifukwa ndinaida miyezi khumi osaphonya tsiku. Anandiyang'ana ndi diso loti likanakhala mwala ndikanagwa, koma sanasiye, ndipo patapita kanthawi manja ake ndi anga anagwirizana.

Manja atatopa anasiya beseni n'kuyamba kuzungulira tebulo akudzimenya pa ntchafu. Ndinadziwa kuti walowa yachiwiri. Ndinakhala pa makina, ndinapalasa popanda nsalu, chopondera chikugunda mofanana ndi mapazi ake, ndipo ndinkachepetsa pang'onopang'ono mmene ndinkamuonera. Atatsamira khoma n'kutsetserekera pansi, ndinayamba kung'ung'udza ya gitala ija. Ndinaona mapewa ake akukwera ndi kutsika motsatira ine.

Yachitatu inatha. Tonse tinkadziwa chimene chimabwera pamenepo. Ndinatsegula pakamwa, ndinayamba kuti simbi ya amayi, koma anakweza dzanja lake lotupa ndi beseni osandiyang'ana. Anati imeneyo ayi, achemwali, imeneyo ili ndi mwini wake.

Palibe mbale inasweka tsiku limenelo. Dirowa sanaitsegule. Munthu anamva kuti mchemwali wake amene amamudalira ndiye anamuchotsera makwerero n'kumunamiza masiku anayi, alibe foni, alibe alangizi pafupi, ndipo anatsika yekha ndi beseni. Inu amene mulibe matenda aliwonse munamva nkhani theka pa foni n'kugamula mlandu mphindi ziwiri. Pepani kunena choncho, koma ndinalonjeza kuti m'kalata muno mulibe bodza.

Kuchokera pamenepo sanandilankhule masiku asanu. Amandiikira mbale patsogolo ngati akuikira mlendo wosamufuna, ndipo ndikuyenera. Loweruka anapita yekha kunyumba kwa akapitawo kukapepesa, palibe anamutuma. Kuntchito amuimitsa masabata awiri, kenako abwerera pa tebulo lake. Foni yanga analanda, bambo wa pa mphambano uja anamuthandiza kupezanso nyimbo zitatu zija, ndipo anasintha nambala yotsegulira. Tsopano ndikafuna kuimbira makasitomala anga ndimachita kupempha, pa foni yanga yomwe.

Sindikukuuzani kuti wachira. Alangizi anena poyera kuti moto udzakweranso, mwina mwezi wa mawa, mwina mwana ali pompano, ndipo akufuna adzakhale nafe tonse pansi, inu ndi alamu omwe, kuti tidziwe chochita ndi choleka tsiku limenelo. Sindikukuuzaninso kuti akapitawo sanavulale. Ndikunena kuti chimene chinachitika Lolemba lija sichikuonetsa kuti makwerero analephera. Chikuonetsa zimene zimachitika munthu wodziwa zonse akawachotsa.

Tsono pempho langa ndi ili. Pangano lija musaliphwanye chifukwa cha ine. Ngati pali wofunika chilango ndine, mundilange mmene mungafunire, mukhoza osandilankhula chaka chonse, kuno ndazolowera kale. Koma sukulu ikatsekera bwerani naye mwanayo inu nomwe. Mudzakhale sabata imodzi, mudzaone ndi maso anu, mudzalankhule ndi alangizi. Nyimbo yoyamba ija ndidzakuikirani ndekha, mokweza, kuti mudzachite manyazi kamodzi n'kuthana nazo ngati ine.

Ndikulemba izi masana ano, Mzime wandipeza pa tebulo. Waima kumbuyo kwanga kanthawi, n'kufunsa kuti ndikulembera yani, mawu ake oyamba kwa ine chiyambire Lachisanu. Nditamuuza, wati ndikuuzeni chonchi. Ngati yankho lanu ndi ayi, muimbe ndithu Lamulungu folo koloko, pa nambala yanga, mumuuze ndi pakamwa panu mawu onse, osati atatu. Akuti beseni adzaliika pafupi. Chimene sangathe ndi foni yosalira. Ndipo wati kaya yankho ndi liti, mwanayo adzakhale pafupi, mumulole aimbe kanyimbo kake kaja kuti ajambulenso, chifukwa panopa akatsika zitatu zija phazi limasowa poponda.

Atanena zimenezo watsegula sutikesi, watulutsa katani ija, waisita mbali zonse ziwiri. Sanaipachike. Waiyala pa mpando wa pawindo uja, ndipo ili pomwepo pamene ndikumaliza kalatayi.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti ndikuthokoza chifukwa cholera mwana wa mnzawo ngati wawo zaka ziwiri zonsezi. Mulungu akusungeni nonse, akupatseni mtima woleza kuposa wanga. Kambalame mumupsompsone pachipumi, ndipo akafunsa kuti bwanji aimbenso nyimbo yoti anaimba kale, musamunamize. Mumuuze kuti amene anaitaya ndi amayi ake aakulu, osati amayi ake.

Ndine mlongo wanu wamakani uja,
Telala